Mlandu wa makina osokera

Lachinayi, mwezi wa Julayi, tili pa tchuthi.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso. Chiperoni chinaphimba phiri lonse, ndipo amayi anali atamanga kale duku lawo lakuda. Lero ndiye kunali mlandu wa makina osokera amene abambo anasiya.

Abambo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Chitakale. Atamwalira, bambo aang'ono anabwera kudzanena kuti katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake: njinga, jekete, makina, zonse. Pa mwambo sananame. Koma makinawo ndiwo akutidyetsa, ndipo akachoka, ine ku sekondale sindibwererako.

Ku bwalo la milandu, oweruza anali abambo ena aafupi, okonda nthabwala, atakhala pakati pa akuluakulu awiri owathandiza. Bambo aang'ono ndiwo anayamba.

"Ine sindidana nawo alamu angawa. Koma mawa akakwatiwa, makina a achimwene azikasokera mwamuna wina kabudula?"

Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Amalume anaimirira kulankhulira amayi monga mwa mwambo. Iwo amagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, za kusoka sazidziwa, choncho anangopempha chifundo.

"Chifundo timapempha kutchalitchi, achimwene," anatero oweruza. "Mayi, pakamwa muli napo? Tatiuzani nokha."

Ndinali ndisanawaonepo amayi akulankhula pagulu la amuna. Anayamba m'Chinyanja, kenako anangolowa m'Chilomwe osazindikira. Anafotokoza kuti miyendo ya abambo itatupa, iwo ndiwo ankapalasa makina, abambo n'kumadula nsalu ali pamphasa. Anachita choncho dzinja lonse mpaka maliro.

"Kulowetsa ulusi m'singano ndiye utelala?" anang'ung'udza bambo aang'ono.

Kumbuyo kunali amayi othyola tiyi amene anabwera kudzamvera mlandu wina, wa mbuzi. Mmodzi anaimirira asanaitanidwe, n'kukoka bulauzi yake.

"Iyi anasoka ndi iwowa, bwana. Ya malemu aja inkandithina m'khwapa, Mulungu awasunge."

Mesenjala wa bwalo anawakhazika pansi, koma bwalo lonse linali litamva, ndipo amayi anga nawonso anamwetulira.

Oweruza anatembenukira kwa bambo aang'ono.

"Achimwene anu ankalima munda kuno kuchikamwini. Mundawo mukuufunanso?"

"Ayi. Munda ndi wa mayi ndi ana, mukudziwa inunso."

"Nanga makinawa akuwalima ndani? Akudyapo ndani?"

Mmodzi wa akuluakulu aja anatsutsa. Anati nthaka ndi ya kwawo kwa mkazi, pamene makina anagula ndi mwamuna, ndipo bwalo lino silinaweruzepo chotero. Apa ndinaona ngati zatithera. Anakambirana chapansipansi kwa nthawi, kenako oweruza anati:

"Makolo athu makina analibe, ndiye sanatisiyire mawu. Wina ayenera kuyamba. Njinga ndi jekete zipite kwa abale. Makina ndi a ana a malemu. Mayi awagwiritse ntchito polera anawo, ndipo akadzakwatiwa, makina sakwatiwa nawo."

Bambo aang'ono anavomera ndi mutu wokha. Anachoka osatitsanzika, ndipo zimenezi zandiwawa, chifukwa ndi iwo anandinyamula paphewa tsiku limene ndinayamba sukulu ku Mishoni. Amayi akuti mkwiyo wa pachibale suchedwa kuzilala, tizingowapatsa moni.

Kusukulu aphunzitsi anatiuzapo kuti chigamulo chimodzi chimatha kutsegula njira imene milandu ina imadzadutsamo. Ine ndinkayesa kuti zoterezi zimachitika m'makhoti akuluakulu okha, mwa Azungu ovala mikanjo, kumene amakangana za malamulo a dziko ndi za Chitaganya. Sindinaganizepo za bwalo lathu lofolera ndi udzu, lodontha mbali imodzi.

Tikutuluka, mayi wina amene sindimudziwa anandigwira mkono. Anati amuna ake ndi ophika buledi pafupi ndi msika, ndipo akudwala chifuwa chosamva mankhwala. Uvuni akuyatsa ndi iyeyo.

"Mwanawe, ndiwe wa sukulu, eti? Anena kuti bwanji kwenikweni? Uvuninso ndi munda?"

Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, pakuti oweruza anena za makina okha. Nkhope yake inagwa, ndipo ndinadziona kuti ndayankha mofulumira. Sindingamulonjeze kanthu, koma ndinamva zonse, mafunso ndi mayankho omwe, pamene iye anali panja ndi mwana wolira.

Mawa m'mawa ndithandiza amayi kunyamula makina, amene anali kunyumba podikira mlandu, kubwerera nawo pakhonde la sitolo ija. Ndikatero ndikafunsa pamsika kumene mayi uja amakhala, ndikamufotokozere mlandu wonse bwinobwino, makamaka zoti amayi analankhula okha ndipo bwalo linawamvera.