Zisoso Zinayi pa Khonde la Alamu

Ndinanyamuka ku Chisenga Lachiwiri m'mawa nditakulunga m'chitenje chisoso chimodzi chofika m'chiuno. Amuna anga anamwalira mu Okutobala. Mvula itagwa, nyemba za m'munda mwawo zinachita masamba ngati fodya, chisoso chikumera m'mbuyo mwa khasu. Alamu anga a Yotamu anaima pamalire n'kunena kuti munda subiriwira chonchi mwini ali m'manda, pokhapokha mkazi atamupha ndi mankhwala a zokolola. Anandipatsa mpaka Lamulungu kuti ndichoke. Ine ndinkapita ku Boma kukapempha kalata kwa alangizi a zaulimi.

Matola anali K4,000. Kondakitala anayang'ana mtolo wanga.

"Mama, ku Boma kulibe mbuzi."

"Ndi mboni yanga iyi."

"Mboni ikhale pamiyendo, apo ayi ilipire."

Cha m'ma 9 koloko galimoto inatentha, tinaima pa kamtsinje. Tsidya lina mayi wina ankapalira, chisoso chikumufika pomwe chimandifika ine. Ndinawoloka.

"Mwawuka uli, mama? Amuna anu alipo?"

"Alipo. Ali ku mowa."

Ndinazula chimodzi. Pa rodibuloko tisanalowe m'Boma ndinazulanso china kuseri kwa kamunda ka apolisi. Wapolisi wa Chichewa cha kumwera anandifunsa ngati kwathu ndiwo zatha. Sindinaseke.

Ku ofesi ndinadikira mpaka 2 koloko, nditangodya chinangwa chowotcha cha K300. Mlangizi anandimvera bwino ndithu. Anati mumlengalenga mukuchuluka mpweya wa kaboni, wochokera mu utsi wa magalimoto ndi mafakitale a maiko akutali. Zomera zimadya mpweya umenewu. Nyemba ndi chisoso zimakondwa nawo kuposa chimanga, koma zakudya zina zolimidwa mu mpweya wochuluka chonchi zimachepa mphamvu yomanga thupi. Anatinso mvula ndi manyowa zimachita mbali yake, ndiye sangalumbire za munda umodzi.

"Lembani zomwezo," ndinatero.

"Mayi, nkhani za mankhwala ofesi silemba."

Ndinatuluka wopanda kalata. Anthu amene sindidzawaona akufukiza utsi kwawo, udzu ukunenepa kwathu, mfiti n'kukhala ine. Amuna anga ndinawasambitsa miyezi isanu, ndekha. A Yotamu ankabwera kudzaona wailesi, osati odwala.

Ndinagona kwa mchemwali wanga ku Lufita. Lachitatu masana ndinatsika matola, n'kudzera njira ya kumunda kwa alamu, ndipo ndinazulanso chimodzi. Ndinawapeza pakhonde ndi akuluakulu awiri a banja. Ndinayala zisoso zinayi zija pansi.

"Alamu, kalata ndilibe. Apa pali cha m'munda mwanga. Sankhani cha mfiti."

A Yotamu anaziyang'ana, kenako analoza chachitali kwambiri ndi chala cha kuphazi.

"Chimenecho ndazula kwanu, pafupi ndi chulu. Dothi likadali lonyowa."

Mkulu mmodzi anatsokomola n'kuyang'ana kumapiri. A Yotamu anati nkhani za m'banja sizifuna kuthamanga nazo ku Boma. Sanapepese.

Lamulungu linadutsa ndikadali m'nyumba mwanga. Za mpweya sindinamvetse zonse, koma ndinaona ndi maso kuti udzu womwewo ukumera kwa amasiye, kwa zidakwa ndi kwa apolisi. Lolemba ndinabwerera kukapalira kachitatu, ndi khasu la amuna anga, poti langa linathyoka mpini.