Lipenga la Gashe Belachew

Askale anamva lipenga lija kwa zaka makumi awiri asanayang'anepo nkhope ya munthu amene ankaliliza. Likalira m'mamawa, iye ankangotchera khutu kuti amve dzina la womwalira, n'kutenga netela, nsalu yake yoyera yofunda. Munthuyo anadzamuona tsiku limene dzinalo linali la mwamuna wake.

Anali pakhonde, amayi anzake atamuzungulira, kunja kusanayere bwinobwino. Lipenga linayambira kumtunda, pa mpope wa madzi, ndipo mawu anatsatira: "Ato Mengesha Ayele atisiya! Tikawaika lero masana ku tchalitchi cha Mikaeli!" Linalira pafupi, linaliranso pafupi kwambiri, koma litafika pa mpanda wake linangoti zii. Pa mpata wa malata Askale anaona bambo wamfupi, wa chikhoti cha usilikali chosuluka, akudutsa motsimphina, chipewa chili m'manja, lipenga atalipanira kunkhwapa. Anakayambiranso kuliza atadutsa nyumba zinayi.

Amenewo anali Gashe Belachew, wa lipenga wa idiri, bungwe la maliro la m'dera lawo ku Kolfe. Ali mnyamata ankaliza lipenga ku usilikali, ndipo kunkhondo anabwerako ndi mwendo wolumala ndi lipenga lomwelo, lamkuwa, lofinyika pang'ono kukamwa. Akazi awo anamwalira kalekale, mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Debre Markos. Iwo ankagona m'kachipinda ka bungwe, pakati pa tenti yopinda, mabenchi ndi miphika ikuluikulu.

Anthu ankawaseka, koma ndi kamantha pang'ono. Akamadutsa masana, mayi wogulitsa makala pakona ankafuula: "Gashe, lero mwatenga dzina la ndani?"

"La amuna anu, Etiye," ankayankha Gashe, pomuitana ndi mawu aulemu oitanira amayi. "Koma ndawapatsa sabata imodzi kuti amalize kukhoma denga."

"Atengeni lero lomwe! Dengalo ndikhoma ndekha."

Masiku a kulira atatha, Askale analowa m'gulu la amayi ophika pamaliro. Sanali munthu wa mawu. Ankasankha mphodza pakona, maso ali pansi, makutu ali ponseponse, ndipo pamenepo ndi pamene anazindikira kuti ntchito yaikulu ya Gashe inali kudikira. Munthu akamwalira, Gashe ankapita kunyumbako, n'kukhala pa benchi, n'kufunsa chapansipansi kuti ndani sanauzidwe. Mwana kapena mbale amene ali kutali sauzidwa ali pamsewu, sauzidwa ali yekha. Akuluakulu amamulawirira m'mamawa, amamukhazika pansi, amamugwira mapewa, ndiye amamuuza. Mwambo umenewu, wotchedwa merdo, usanachitike, Gashe sankaika lipenga pakamwa.

Ato Kassahun, wapampando wa bungwe, ankapsa nazo mtima. "Gashe, dzuwa latuluka! Anthu apita kuntchito, tenti aimika ndani?"

"Mchemwali wake ku Burayu sanauzidwe."

"Ku Burayu lipenga lanu limafika?"

"Lipenga silifika, koma wina akwera minibasi akafika nazo. Tidikire."

Ndipo ankadikiradi, Ato Kassahun akung'ung'udza, Gashe akupukuta lipenga ndi mkono wa chikhoti.

Chaka china kunabwera anthu a sukulu ya zamalonda ya pa yunivesite ina ya mumzinda. Ankawatsogolera ndi Dokotala Rahel, mphunzitsi wachitsikana, wa mawu otsika, wopereka moni kwa akulu ndi manja awiri. Zabwino anachita, Askale sangakane. Amayi atatu anayamba kugulitsa injera, buledi wawo wopyapyala, ku mahotela. Tenti ndi miphika zinayamba kubwerekedwa pa maukwati m'malo mochita nkhungu m'kachipinda. Askale weniweniyo anaphunzira kulongedza tsabola wake wosinja m'timapaketi tokhala ndi dzina lake. Kenako ophunzira anayenda khomo ndi khomo kulemba manambala a foni. Anati munthu akamwalira, mlembi wa bungwe azingodina kamodzi, uthenga uzifika m'nyumba mazana atatu nthawi imodzi.

Pa msonkhano wa bungwe Ato Kassahun anati: "Gashe atumikira mokwanira, apume. Mwendo uja si wokwera nawo chitunda m'mamawa uliwonse." Anagwirizana kuti pa tsiku limene sukuluyo imalengeza zimene yachita m'chaka, Gashe akapereke lipenga pamaso pa alendo, likaikidwe m'kabati ya galasi. Gashe sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Nanga azifunsa ndani kuti wina sanauzidwe?" Koma anthu anali atayamba kale kukamba za kugula mipando yatsopano.

Kwa miyezi inayi lipenga silinalire. Askale ankawaona Gashe pakhomo pa kachipinda kaja akulikwecha ndi phulusa ndi ndimu ngati kuti mawa aliliza.

Kenako Emama Zewditu anamwalira, nkhalamba yokhala yokha kuseri kwa chigayo. Inalibe foni, ndipo tsiku limene ophunzira ankalemba manambala inapereka nambala ya mwana wake Sinidu, wogwira ntchito pa famu ya maluwa ku Holeta. Anamwalira masana. Gashe anali akuvala chikhoti kuti akakonze akuluakulu awiri oti adzalawirire ku Holeta, koma mlembi anali atadina kale. Sinidu anawerenga za imfa ya mayi ake ataima pa mzere wodikira minibasi, pakati pa anthu osamudziwa. Anagwa pomwepo. Anabwera naye madzulo anthu achilendo, nsapato imodzi itasowa, nkhope ili fumbi lokhalokha. Atalowa mu tenti, kulira kwake kunali kwakuti: "Kunalibe munthu woti adzandigwire dzanja? M'dera lonse lino kunalibe munthu?"

Ato Kassahun anayang'ana pansi. Maliro atatha nkhaniyo sanaitchulenso wina aliyense, ndipo ku sukulu kuja sinafike.

Tsiku la sukulu linakwana. Anthu a bungwe anatumiziridwa basi. M'holo munali mutayalidwa udzu wauwisi, khofi akukazingidwa pakhomo, alendo a masuti atadzaza mzere wakutsogolo. Mkulu wa sukulu anawerenga zimene achita m'chakacho: ophunzira mazana anayi amene amaliza, chikho chimene anapambana pa mpikisano, timakampani timene ophunzira akale atsegula, amayi amene aphunzitsidwa malonda. Pakhoma panatuluka chithunzi cha Askale atanyamula timapaketi take, ndipo iye anabisa nkhope m'netela. Kenako mkuluyo anati: "M'mabungwe a maliro khumi ndi awiri, uthenga umene kale unkatenga theka la tsiku tsopano ukufika m'mphindi imodzi." Anthu anaomba m'manja kwambiri.

Anaitana Gashe. Anakwera masitepe atatu aja pang'onopang'ono, chikhoti chitasitidwa, lipenga likuwala. Woyendetsa mwambo, bambo wansangala wa tayi yofiira, anawagwira paphewa.

"Ababa, musanalipereke, tilizireni komaliza alendo athu amve!"

Gashe anamuyang'ana. "Wamwalira ndani?"

Holo yonse inaseka.

"Palibe, Ababa, tikungosangalala."

"Ndiye nditchule ndani, mwana wanga? Limeneli likalira, pamatsatira dzina. Sankhani mmodzi pa mzere wakutsogolowu."

Ena anasekanso, koma kuseka kwake kunathera panjira. Gashe anadikira pang'ono, ndipo popeza palibe anasankha, anaika lipenga patebulo ndi manja awiri. Analandira satifiketi ndi chofunda choyera cha thonje, anawerama, n'kutsika.

Panja, anthu akulandira mbale za chakudya, Askale anawapeza atakhala pa khoma lalifupi, chofunda chili pamiyendo. Anakhala pambali pawo. Dokotala Rahel anabwera, n'kugwada ndi bondo limodzi.

"Gashe, takukhumudwitsani?"

"Ayi, mwana wanga. Chofunda ndi chabwino."

Rahel anali atayamba kudzuka pamene Askale anamva mawu ake omwe akutuluka. Chikwatiwire anali asanayankhulepo pa msonkhano uliwonse. Anafotokoza za Sinidu, za nambala, za mzere wa minibasi, za nsapato imodzi. Ankayankhula akuyang'ana zala zake.

 "Sanandiuze," anatero Rahel. "Ndinawafunsa a Kassahun ngati uthenga ukufika msanga, anati ukufika." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Bambo anga atamwalira ndinali pa sukulu ku Jimma. Amalume anayenda ulendo wonsewo kuti adzandiuze okha. Ndinaiwala bwanji zimenezi?"

Rahel anapita kukatenga Ato Kassahun pa mzere wa chakudya, mbale ili m'manja. Anawauza kuti kuyambira tsopano mlembi asamadine mpaka munthu mmodzi wosankhidwa atanena kuti abale onse auzidwa, ndipo munthuyo akhale Gashe. Anati ngakhale lipenga akhoza kukalitenga pompano, kabati sinakiyidwe.

Gashe anapukusa mutu. "Ndapereka pamaso pa anthu, lisiyeni. Komanso ine ndamuyankha kale mwana wanga ku Debre Markos. Wakhala akundiitana zaka zitatu, ine ndikukana chifukwa cha lipengalo. Ndinyamuka Lolemba likubwerali."

"Ndiye agwire ndani ntchitoyi?" anafunsa Rahel.

Ato Kassahun anameza injera, n'kuloza ndi chibwano. "Etiye Askale awa, poti lero tadziwa kuti pakamwa ali napo."

Askale anakana kawiri. Kachitatu sanathe, chifukwa Gashe anali akumuyang'ana.

Sabata imeneyo anthu anadabwa kuona awiriwo akuyenda limodzi m'tinjira ta dera, mmodzi akutsimphina patsogolo, wina pambuyo atafunda mpaka pachibwano. Pa nyumba iliyonse Gashe ankaima pang'ono n'kunena zapansipansi. Apa pali mwana ku Arabiya, amaimba foni Lamlungu lililonse, ndiye amene amayankha foniyo aziuzidwa choti anene. Apa abambowo ali ndi mkazi wina ku Sebeta, apakhomo amadziwa koma satchula, ndipo nayenso ayenera kuuzidwa. Apa agogo ali ndi nthenda ya mtima, aziuzidwa atamwa kaye mankhwala, wansembe ali pomwepo. Askale ankafuna kulemba m'kope, koma Gashe anamuletsa. Anati kope limagwa m'manja mwa anthu.

"Nanga a Kassahun akamandifulumizitsa?" anafunsa Askale tsiku lina.

"Afulumizitsa ndithu. Inu muzingoyang'ana pansi mmene mumachitiramu. Amatopa msanga."

Mayi wa makala anawaona akudutsa. "Gashe, mwataya lipenga mwatola mkazi?"

"Ndatola wondilowa m'malo, Etiye. Awatu sapatsa munthu sabata, uzani amuna anu afulumire."

Lolemba m'mawa Askale anamva kugogoda pa chitseko cha mpanda. Anali Gashe, chikwama chili paphewa, chofunda chija atachimanga ndi chingwe. Anakana kulowa, anakananso khofi, anati basi siyembekeza munthu wa mwendo umodzi ndi theka. Askale anawapatsa timapaketi tiwiri ta tsabola toti akapatse mwana wawo. Ankafuna kuwathokoza, koma anangowerama. Gashe sanabwerenso ku Kolfe, ndipo Askale sanawaonenso.

Koma m'mawa umenewo Gashe anayenda mpaka pa ngodya, kenako anabwerera, akutsimphina mofulumira ngati munthu woiwala chinthu pamoto.

"Etiye, ndinaiwala nyumba imodzi, ya Ato Bogale kuseri kwa sukulu ya mkaka. Mwana wawo wamkulu amayendetsa lole ya ku Djibouti. Ameneyo musalole kuti auzidwe ali panjira, ngakhale maliro achedwe masiku awiri. Mudikire mpaka atsike."