Nsalu Yofiira pa Bawo la Ababa

Ababa atatuluka m'chipatala, tonse tinkayesa kuti sitiroko yawasiya bwinobwino. Ankayenda okha, ankalankhula, kukalipa komwe ankakalipa ngati kale. Koma tsiku lomwe tinafika kwathu, kufupi ndi Chipoka, anandiitana mbale ili m'manja.

"Iwe, nsomba zatha m'nyanjamu? Mpunga wokhawokha?"

Chambo chinali m'mbale momwemo, chakumanzere. Nditaitembenuza mbaleyo anadzidzimuka. "Wachiponyamo nthawi yanji?"

Lamulungu lake anameta ndevu tsaya limodzi, n'kuvala jekete, ati tiyeni kutchalitchi. Ine ndi amayi tinaseka mpaka misozi, kenako tinachita mantha. Chilichonse cha kumanzere kwawo chinali ngati kulibe, ndipo eni akewo sankadziwa kuti pali chimene sakuchiona. Ankaiwalanso pomwe aika zinthu. Tinayamba kuwachitira zonse, kuwameta, kuwaveka, kuwagwira dzanja popita kubafa. Munthu wokulira m'bwato anangokhala pakhonde ndwii, osafuna kucheza ndi aliyense.

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana pa kabaza, wotumidwa ndi achipatala. Anati ntchito yake ndi yophunzitsanso odwala zochita zawo za tsiku ndi tsiku. Ababa anayang'anitsitsa chikwama chake.

"Jakisoni ali kuti, adokotala?"

"Ndilibe, bambo. Tandiuzani, musanadwale munkakonda chiyani?"

"Bawo. Koma ndinasiya. Ndikungodyedwa ngati mwana."

Mayiyo anandituma kuti ndikatenge bawolo kunsi kwa bedi. Anapempha kansanza kofiira kwa amayi n'kukamanga kumapeto kwa bawo, chakumanzere.

"Musanagwire nkhomo, tembenuzani mutu mpaka muone chofiirachi. Mukachiona, ndiye muyambe kuwerenga maenje."

"Ndiye ndizingopotola khosi ngati kadzidzi?"

"Eya, bambo, ngati kadzidzi."

Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chitulukireni m'chipatala. Ifenso mayiyo anatipatsa malangizo athu. Anati lumo tiwabwezere eni ake, sopo ndi chipewa zizikhala malo amodzimodzi osasuntha, ndipo polankhula nawo tiziima kumanzere kwawo kuti azitifunafuna.

Sizinayende msanga. Masiku ena ankaiwala, n'kumwaza nkhomo pabwalo ndi mkwiyo, ine n'kumatola nkhuku zisanayambe kujompha. Chinawakoka mtima n'chakuti mayi uja bawo sankalidziwa kwenikweni. Akabwera, Ababa ndi amene ankasanduka mphunzitsi, ndipo pofuna kumuonetsa pomwe walakwitsa ankayendetsa maso bawo lonse osakumbutsidwa.

Mvula itatha kunabwera mnzawo wakalekale, Msilamu wogulitsa usipa, ndipo anayala bawo pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkachapa pafupi. Masewera ali mkati, Ababa anatembenuza mutu pang'onopang'ono kufunafuna kansanza kawo, n'kupeza zala za mnzawoyo zili m'dzenje lakumapeto.

"Achimwene, dzanja lanulo likufuna chiyani kwanga kuno?"

"Walahi, ndimachotsa kachitsotso!"

"Tafumbatulani tione kachitsotsoko."

Atafumbatula, munali nkhomo ziwiri. Mkuluyo anaseka mpaka chipewa chinagwa m'fumbi, Ababa akuwaloza chala.

"Kani muja ndinkangodyedwa muja munali inu?"

"Ayi achimwene, muja munkadyedwa nokha. Ine ndayamba lero, ndimafuna ndione ngati mwachiradi."

Amayi anatuluka m'nyumba kudzafunsa chomwe chachitika, ndipo aliyense ankafuna kufotokoza yekha, wina kutsekereza mnzake pakamwa.

Mbali yakumanzereyo sinabwerere mpaka lero. Akatopa amagundabe phewa pachitseko, n'kuchikalipira chitsekocho. Koma anayambanso kusoka maukonde a asodzi, akupapasa ndi zala pomwe pang'ambika. Ine ndinakwatiwa ku Maganga, ndipo ndikapalasa njinga kukawaona, kawirikawiri pakhomo ndimapeza amayi okha. Amandilandira katundu n'kundiuza kuti ndikawafune kudoko.