Mawu a Malemu pa Masamba a Anansi

Nyumba yathu yogona alendo ili pafupi ndi chipata cha Songwe. Ogonamo ambiri ndi oyendetsa mathiraki ndi amalonda amene apeza chipata chatsekedwa. Tsamba lathu la pa intaneti analemba ndi mkazi wanga, ndipo analemba mmene ankalankhulira: kuti madzi osamba timatenthetsa pa mbaula, kuti kuseri kuli poimika galimoto, kuti mpunga wa kilombero amaphika yekha. Kumapeto anaika liwu limodzi, karibu. Munthu akafufuza pa foni malo ogona ku Songwe, ifeyo tinkaonekera poyamba.

Atamwalira, anzanga a nyumba zina zogona alendo ndi amene anandigwira mkono. Anagona pa siwa, anabweretsa nkhuni, ena anakumba nawo manda. Patapita nthawi anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzapempha kuti akopere mawu aja pa masamba awo, angosintha dzina la nyumba. Kwathu kuno mnansi akapempha moto sum'mana. Ndinavomera, ndipo mumtima ndinkati akulemekeza malemu.

Dzinja lina foni inangoti zii. Ndinkayala mabedi m'mawa, madzulo n'kuwapeza momwemo. Ndikamva thiraki ikuchepetsa liwiro ndinkaimirira pakhomo, iyo n'kupitirira. Ndinayamba kuopa kuti nyumba imene tinamanga awiri ifera m'manja mwanga.

Mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, amagwira ntchito yoombola katundu pa chipata. Anafufuza pa foni yake, koma sanatipeze. Anandifotokozera kuti eni makina ofufuzira asintha kasankhidwe kawo. Masamba akafanana mawu, makinawo amatenga limodzi, ena onse n'kuwakankhira pansi. Anali atatenga la nyumba yaikulu ya kumsewu.

"Alamu, makina sadziwa maliro," anatero. "Akuona ngati wokopera ndinuyo. Fufutani mawu a achemwali, mulembe anu."

Zovala za malemu tinagawa kalekale, mawu aja okha ndi amene ananditsalira.

Ndinaganiza zopempha anansi kuti iwowo achotse mawu aja pa masamba awo. Ndinayambira kwa mnzanga Msilamu wochokera ku Mangochi, amene ananyamula nawo bokosi. Anandithirira tiyi, kenaka n'kundilozera makiyi a zipinda zake ali lendelende pakhoma, onse osatengedwa.

"Achimwene, tamira limodzi. Kaya talakwira ndani."

Ndinamwa tiyi uja, n'kutsanzika osanena chimene ndinadzera.

Sabata yomweyo ndinaitana wolemba zikwangwani kuti alembe mawu a mkazi wanga ndi penti pakhoma la pabalaza. Atauma, ndinauza mlamu kuti afufute a pa tsamba. Pamene ankadina ndinatuluka panja. Atandiitana ndinamuuza zoti alembe, zoona zokhazokha: kuti mayi wa nyumba ino anatisiya, kuti mpunga tsopano ndimaphika ndine ndipo nthawi zina umapserera.

Sitinabwerere pamwamba. M'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndimafufuza, ndipo ndimapeza tili m'munsi ndithu, pomwe ambiri safika. Mlamu akuti eni makina angasinthenso tsiku lililonse. Mwezi watha dalaivala wina anaimba kufunsa ngati mpungawo umapsereradi. Ndinamuuza kuti inde. Anati ndimusungire chipinda, ndipo ndinakhala pakhomo kudikira mpaka thiraki yake itakhotera kuseri.