Jestina Nangozo ndi Loko wa mu Kenelo

Jestina Nangozo anayamba ntchito yotayipa pa mishoni ina ya kumapiri a Dedza mu 1993, anthu ali pakalikiliki ndi nkhani za riferendamu. Kwawo kunali kufupi ndi Mphunzi. Sukulu analekezera Fomu 4, ndipo masamu ankakhoza kuposa aliyense m'kalasi mwake, koma ku koleji sanasankhidwe. Anakwatiwa ndi a Gerevazio, mlimi wa kachewere ndi kabichi, munthu wosachulutsa mawu, ndipo mwana wawo woyamba anali Flossie. M'mawa uliwonse iwo ankamukweza panjinga mpaka pageti la mishoni, n'kubwerera kudimba.

Pamishonipo panali Abulazala Benedicto, a ku Ntcheu, amene anakaphunzira za makompyuta kunja. Zinthu zitamasuka m'dziko, bungwe lina linatumiza makompyuta akale asanu. Abulazala anakumba okha timigula n'kukwiriramo mawaya. Kompyuta imodzi anaiika muofesi ya parishi, ziwiri kusukulu, ina kukachipatala ka masisitere. Yachisanu, yaikulu, inakhala m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi. Zinazo zinkatumizirana mauthenga kudzera mwa iyo, ndipo ndi yomwenso inkaimba foni ku Lilongwe kukatula ndi kutenga maimelo.

Poyamba Jestina ankangowatayipira Abulazala mapulogalamu awo, chifukwa mu Juni zala zawo zinkauma ndi chisanu. Koma sankatha kutayipa chinthu chimene sakuchimva. Ankafunsa mzere uliwonse, ndipo Abulazala, m'malo motopa naye, anayamba kumuphunzitsa. Patatha zaka zinayi anali atafika powerenga kenelo, pulogalamu ya mkati kwambiri imene imagawa ntchito zonse za m'kompyuta. M'kenelomo munali kachigawo kamene Abulazala analemba okha kuti modemu yakale ya mishoni, chipangizo cholumikiza kompyuta ku foni, igwirizane ndi netiweki ya makompyuta asanuwo.

Mu Okutobala 1998 Abulazala anawasamutsira ku Chipata. Anamusiyira Jestina katoni ya mapepala, buku lonenepa lothothoka chikuto, ndi makiyi a kachipinda kaja.

Mvula itayamba, mavuto anayambanso. Foni inkaduka kangapo patsiku, ndipo ikaduka makompyuta onse ankangoti zii, ngakhale ongotumizirana uthenga pamishoni pompo. Tsiku lina Asisitere Alinafe, amene ankayang'anira kachipatala, anatulukira muofesi atafunda pepala lapulasitiki, nsapato zili matope okhaokha.

"Nangozo, mwana wanga, ndili ndi mayi wodwala uko. Ndimafuna ndingotumiza uthenga kuofesi kuno kuti galimoto ibwere. Foni ya ku Lilongwe ikukhudzana bwanji ndi zimenezo?"

"Sizikhudzana, Asisitere. N'zimene zikundizunguza inenso."

"Ndiye tiitanitse munthu wa ku Lilongwe?"

"Mundipatseko kaye milungu iwiri."

Sanayambe ndi kukonza. Anatenga kope ndi wotchi ya amuna ake, ndipo foni ikaduka ankalemba nthawi imene makina aima. Ulendo wina inali miniti imodzi, wina maminiti anayi. Ankalembanso kuti panthawiyo panali maulumikizano angati otsegula, pakuti uthenga uliwonse wopita kunja unkatsegula ulumikizano wakewake. Lachisanu masana anagawa manambalawo. Ponseponse yankho linali limodzi: masekondi asanu ndi limodzi pa ulumikizano uliwonse.

Atatero anayala mapepala a Abulazala patebulo n'kuyamba kutsata ndi pensulo. Kenelo inkasunga mndandanda wa maulumikizano onse, ndipo pamndandandapo panali loko. Ntchito iliyonse yofuna kutumiza uthenga inkayenera kutseka lokoyo, kugwira mndandanda, n'kutsekula msanga kuti inzake ilowe. Panalinso ntchito yosesa, yochotsa maulumikizano akufa foni ikaduka. Vuto linali pamenepo. Yosesayo inkatseka loko, n'kufunsa modemu za ulumikizano woyamba, n'kudikira masekondi asanu ndi limodzi yankho losabwera, n'kupita kwa wachiwiri, loko ali chitsekere mpaka kumaliza onse. Ntchito zina zonse zinkangounjikana kudikira.

Madzulo a tsikulo, ali pakaliyala panjira yobwerera, anawafotokozera amuna ake zonse, mawu akupikisana ndi mphepo.

"Ine sindinamve kanthu, mayi a Flossie," anatero a Gerevazio, "koma mukugwedeza njinga."

Chimene anaganiza chinali chachifupi. Yosesa itseke loko, ingosamutsira akufa onse pamndandanda wina wapambali, itsekule pompo, kenako iwasese pang'onopang'ono popanda kuimitsa wina aliyense. Analemba mizere khumi ndi isanu ndi umodzi. Asanasinthe kanthu anakopera kenelo yakale pa madisiketi awiri, imodzi n'kuibisa m'thumba la chitenje. Kumanga kenelo yatsopano pamakina amenewo kunkatenga masana onse, choncho anaisiya ikugwira ntchito, iye n'kumatayipa mayina a ana a ubatizo.

M'mawa mwake anaiyatsa, n'kuzula dala waya wa foni. Makina sanaime. Anaferatu. Pagalasi panadzaza manambala, ndipo kalata ya ahedimasitala imene inali panjira inasowa osapezekanso. Jestina anabwezeretsa kenelo yakale, n'kupita yekha kusukulu kukapepesa. Ahedi anangoti amubweretsera kope lawo kuti awatayipirenso kalatayo.

Masiku atatu ankabwera ndi mutu wowawa, mpaka anaona pamene analakwa. Kale loko atatsekedwa nthawi yonse, palibe ntchito imene inkatha kugwira ulumikizano pamene ukuchotsedwa. Tsopano yosesa inkatha kufufuta ulumikizano umene ntchito ina inali ikuugwiritsabe ntchito. Anawonjezera kanambala pa ulumikizano uliwonse, kowerenga ntchito zimene zaugwira. Yosesa inayenera kufufuta pokhapokha kanambalako katafika pa ziro, apo ayi iudumphe n'kudzaubwerera.

Ulendo uno anapempha Asisitere Alinafe kuti akhale pakompyuta yawo azitumiza mauthenga mosalekeza. Iye anazula waya wa foni, n'kuyang'ana pagalasi la muofesi. Uthenga unalowa. Wina unalowanso. Anabwezera waya, n'kuzulanso, kasanu konse. Uthenga womaliza wa Asisitere unati: "Zala zatopa. Kodi wazula kale kapena ayi?"

Jestina anaseka yekha m'kachipindamo mpaka misozi. Kenaka analembera Abulazala imelo yaulemu, yozungulirazungulira, poopa kuoneka ngati akuwadzudzula. Yankho linabwera patatha masiku awiri.

"Lokoyo ndinamuika makompyuta olumikizidwa ali awiri okha, ndipo ndinaiwala za iye. Kuno vuto lomwelo landisautsa mwezi wonse. Nditumizireni mizere yanuyo, musasinthe ngakhale kadontho."

Aka kanali koyamba Abulazala kumulembera momupatsa ulemu wa munthu wamkulu, ndipo anaiwerenga imeloyo kawiri asanatumize mizereyo.

Dzinja lonselo foni inapitiriza kuduka monga mwa masiku onse, koma pamishoni panalibenso amene ankadziwa. Maimelo akunja ankangodikira, n'kunyamuka foni ikabwerera. Anthu a ku Bembeke ndi ku Kabwazi atamva, anayamba kumuitana makompyuta awo akavuta, ndipo ankapita Loweruka ngati kumunda kulibe zambiri. Papepala la ntchito anakhalabe wotayipa, ndipo sizinkamudandaulitsa. Mu Epulo 1999 anapempha tchuthi cha milungu iwiri kuti akakumbe kachewere. Anatseka kachipindako n'kusiya makiyi kwa Asisitere, ndipo milungu yonse iwiri palibe amene anabwera kumunda kudzamuitana.