Futali wa Nyumba Zopanda Anthu

Fungo la nsinjiro zikupsa pamwamba pa mbatata limandibwezera ku Balaka, kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene tinkakhala mu laini ya nyumba zisanu ndi ziwiri zoyang'ana njanji. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, woonda ngati bango koma wa mimba yosadziwa kukhuta. Amayi ankati ndili ndi njoka zam'mimba. Iyayi, linali dyera basi.

Ife tinali Akatolika, agogo athu anachokera ku Mozambique kalekale, koma mwezi wa Ramadani tinkaudikira kuposa Asilamu eni ake. Chifukwa chake anali Abiti Jafali, mayi wachikulire wa nyumba yakumapeto, amene tonse tinkawatchula kuti anganga. Madzulo aliwonse a mwezi wosalawo ankaphika futali mumphika woti mwana n'kusambiramo, n'kutumiza mbale kunyumba iliyonse, kaya ya Msilamu kaya ya Mkhristu. Lamulo linali limodzi, ndipo ngakhale khanda linkalidziwa: mbale siibwerera yopanda kanthu. Unkaikamo tomato awiri, kaya kamchere, kaya usipa pang'ono.

Koma chaka chimenecho laini yathu inali itaguluka mano. Ntchito ya kunjanji itachepa, a Nkhoma anabwerera ku Rivirivi kukalima. Ana a Che Yusufu anapita ku Joni, n'kuwamangira makolo awo nyumba ya malata ku Ntaja. Banja lina linasamukira ku Ulongwe, ndipo m'nyumba yawo munadzaza matumba a thonje a munthu amene sitinamuonepo nkhope. Nyumba yachinayi inalowedwa ndi mbuzi, zosalipira lendi. Utsi unkafuka patatu pokha: kwa anganga, kwathu, ndi kwa aphunzitsi ena osakwatira. Anzanga osewera nawo fulaye anatha onse, moti ndinkaponya mpira kukhoma n'kudzizinda ndekha.

Anganga anali atatupa miyendo, maso akuchita nkhungu, ndipo chaka chonse sanadutse pakhonde pawo. Adzukulu amene ankanyamula mbale nawonso anali atapita. Tsiku loyamba kusala anandiitana, n'kundipatsa lichero la mbale zisanu ndi imodzi, akutchula nyumba iliyonse ndi dzina la mwini wake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze zoona, koma nthunzi ya futaliyo inandilowa m'mphuno. Ndinatseka pakamwa.

Ziwiri ndinapereka mokhulupirika. Zinayi zotsalazo ndinalowa nazo m'bafa ya a Nkhoma, yopanda denga, yomera chisoso, ndipo ndinadya mpaka kupuma kunavuta. Nditanyambita mbale yomaliza m'pamene mtima unati phwii, nditakumbukira lamulo lija. Mbale zinayi, zonse mbee! Kuzibweza choncho kunali kudziulula ndekha, ndipo shamu ya amayi sinkadziwa Ramadani.

Ndiye ndinayamba kuba kwathu komwe. Tomato, anyezi, shuga wa m'kapepala, ngakhale kachidutswa ka sopo. Ndinkapereka ndi malonje omwe, ndikugwada mwaulemu: a Nkhoma akuti zikomo, chifuwa chija chachepa. Anganga ankagwedeza mutu mokondwa, mawa lake n'kuwonjezera futali wa a Nkhoma kuti achire msanga. Kunyumba amayi ataona zinthu zikusowa anayamba ndi kuganizira makoswe, kenaka galu, pomaliza anafika pa abambo, amene analumbira atagwira kolona kuti anyezi wosaphika sanadyepo chibadwire. Ine chakudya chamadzulo ndinkangotola pang'ono, masaya akutuluka. Amayi anandimwetsa mankhwala a njoka kawiri.

Sabata yomaliza amayi anakhoma kabati ndi loko, kiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Ndinazungulira nyumba yonse osapeza kanthu, dzuwa likupendeka, shehe atatsala pang'ono kuitana kumzikiti. Ndiye ndinakwawira m'khola, n'kusolola mazira anayi pansi pa nkhuku yamawanga imene inkafungatira. Inandijompha, koma ndinapirira. Pothamanga sindinaone kuti amayi, mwa chizolowezi chawo, anali atalemba mtanda ndi khala pa dzira lililonse loti liswe anapiye.

Tsiku la Idi ndinaona zimene laini inali isanaone chaka chonse. Anganga anatulukira pakhomo pathu, ndodo kudzanja, atavala zoyera, akukoka miyendo pang'onopang'ono. Amayi anathamanga kuyala mphasa. Atapatsana moni, anganga anamasula kansalu n'kuika dzira limodzi pamphasapo, mtanda uli pamwamba.

"Amake Tereza," anatero, akuitana amayi ndi dzina langa, "ndabwera kudzafunsa. Che Yusufu analowa liti Chikatolika? Anditumizira mazira a mtanda. Ndipo limene ndinaswa linali ndi mlomo kale."

Amayi anayang'ana dzira, n'kuyang'ana masaya anga. Ndinaona nkhani yonse ikuwalowa m'mutu, kuyambira tomato mpaka sopo. Abambo kuseri kwa chitseko anangoti, "Ehe! Anyezi uja!" Amayi anadzuka kulunjika kumtengo wa bwemba kukathyola shamu, koma anganga anawagwira chitenje.

"Musiyeni mwanayu. Mukuyesa sindinkadziwa? Maso ndiwo anafa, makutu alipo. Malole onse anayi ndinawamva akunyamula katundu." Anasisita bondo. "Koma dzanja langali silidziwa kuphikira nyumba ziwiri. Ndipo uyu akabwera madzulo n'kunena kuti a Nkhoma akupereka moni, ndinkamasula swaumu, kusala kwangaku, ngati laini idakali yodzaza."

Shamu sinathyoledwe. Chilango changa chinali kutsuka mphika uja ndi mchenga mpaka uwale, ndipo ndinautsuka ndikuseka chamumtima, poganiza kuti ndawina: mwezi wathunthu wa futali, osalawa ndodo ngakhale imodzi. Ndinkayesa kuti ndapusitsa nkhalamba, nkhalambayo n'kundikhululukira chifukwa cha Idi.

Lero ndimakhala ku Lilongwe, m'nyumba ya mpanda wautali, ndipo woyandikana naye sindimudziwa dzina. Ana anga onse atatu ali kutali. Komabe Lamlungu lililonse ndimapezeka nditathira mpunga wa anthu asanu, amuna anga n'kumadandaula kuti tidya chimodzimodzi mpaka Lachitatu. Ndimangoyang'ana kugeti, kuti mwina patulukira kamwana kadyera kodzandinamiza kuti onse akupereka moni.