Kuseka kwa amayi kunali m'kabokosi ka Admin

Ndinakumana naye tsiku limene foni yanga inakana kujambula. Anzanga, mukundidziwa, ndine telala, ndipo diresi lopanda chithunzi silipeza kasitomala. Ndinathamangira ku kashopu kokonza mafoni ka pansi pa masitepe, pafupi ndi pomwe ndimasokera.

Mnyamata wokonza mafoniyo anangoiyang'ana kamodzi.

"Sisi, foniyi sinafe, yangokhuta. Mukusungamo chiyani umu, dziko lonse?"

Ndinaseka... ndipo ndinabwerakonso mawa lake foni ili bwinobwino.

Anzake ankamutcha Admin. Pansi pa tebulo lake panali kabokosi kakuda kothwanima nyali yobiriwira.

"Iyi ndi server," anatero. "Muli anthu mazana awiri umu, tonse tinathawa masamba a mchezo akuluakuluwa. Kuno kulibe ma advert, kulibe kampani yokulonda, kulibe bwana. Timachezanso ndi anthu a ma server ena."

Ananditsegulira akaunti. Kunena zoona, kunali kokoma. Ukaika chithunzi anthu ankayankha ngati anthu, osangoponya like n'kudutsa. Nayenso Admin anali wokoma mtima. Ankabwera ndi tiyi masana, n'kumandigwirira tepi ndikamayeza nsalu. Ndinamusokera shati kolala yake n'kupotoka, iye anaivala sabata yonse akunyada. Ine mutu unaima, anzanga!

Tsiku lina anati, "Bae, ukudikira chiyani kutsamba lakale lija? Samuka ndi katundu yense."

Pa katundu ameneyo panali chinthu chimodzi chomwe sindikanasinthanitsa ndi kalikonse. Kavidiyo ka amayi anga ali pa makina osokera, akundikalipira kuti ndakhotetsa mpendero, kenako n'kuphulika nako kuseka. Masekondi makumi anayi basi. Anatisiya patangopita miyezi itatu nditajambula.

"Nanga kavidiyoka?" ndinafunsa.

"Ndakaika kale m'kabokosi. Umu sikasowa. Fufuta m'fonimo ipumeko."

Ndinafufuta. Akaunti yakale nayo ndinaitseka, moti ambiri a inu munangoona ndasowa.

Achemwali anga atamva anagwira pakamwa.

"Iwe! Wasamutsa amayi n'kukawaika pansi pa tebulo la mwamuna?"

"Achemwali, simukumvetsa. Kumeneko kulibe mwini."

"Chinthu cholumikiza kumagetsi chisowa bwanji mwini?"

Ndinawaseka kuti ndi achikale. Koma poti amandikonda, nawo analowa konko kuti tizicheza.

Patapita miyezi, nsanje ya Admin inayamba kuonekera. Ndikayeza kasitomala wamwamuna, mafunso. Ndikachedwa kuyankha, nkhope yagwa. Ndinawalembera achemwali ku inbox kuti, "Ndimamukonda koma akunditopetsa."

Mawa lake Admin anabwera ndi tiyi monga mwa masiku onse, n'kumuika patebulo.

"Ndiye ndikukutopetsa eti?"

Ndinaimitsa makina.

"Wamva kwa ndani?"

"Server ndi yanga, bae. Ndimayenera kudziwa zomwe zikuchitika umu."

"Wakhala ukuwerenga kuyambira liti?"

Anayankha akuyang'ana pansi. Miyezi isanu ndi itatu, anzanga. Zonse zomwe ndinkawalilira achemwali, ngakhale za amayi, iye ankawerenga akumwa tiyi wake.

Ndinamuuza kuti zathera pomwepo. Ndinamulalatira mpaka oyandikana nawo anatuluka m'mashopu. Pofika kunyumba, akaunti yanga inali itakana kutseguka. Ndinati waitseka chabe kuti ndikamugwadire, ndiye ndinauma mutu masabata atatu.

Kenako linafika tsiku lomwe amayi anatisiyira, ndipo mtima unafuna kuwamva. Ndinameza manyazi n'kutsika masitepe aja. Kanyali kobiriwira kanali kakuthwanimabe.

"Sindinabwerere zachibwenzi. Ungondipatsa kavidiyo ka amayi."

Nkhope yake inasintha.

"Sindinaitseke akauntiyo... ndinaifufuta. Ndinali nditapsa mtima. Ikafufutidwa zonse zimapita."

"Ukunama."

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikunama."

Anafufuza masiku awiri, ndinamuona ndi maso anga akutuluka thukuta. Anafunsa anzake a ma server ena ngati wina anakasunga. Palibe. Anapepesa mpaka kugwetsa misozi, koma kupepesako ndikakuika pati?

Achemwali sananene kuti ndinakuuza. Anangondikumbatira, tonse n'kulira. Bwenzi atandikalipira, mwina zikanapepukako.

Sindikunyoza timagulu timeneti, kuli anthu abwino kumeneko. Koma wina akakuuzani kuti kuno kulibe bwana, mufunseni kuti kabokosiko kali pansi pa tebulo la ndani. Ndipo chomwe mumachikonda musachisunge malo amodzi.

Dzulo ndili pa makina ndinakhotetsa mpendero dala, n'kuima, kudikira. Zomwe amayi ananena tsiku lija ndikuzikumbukira zonse: "Mwana iwe, maso wawasiya kuti?" Koma liwu lawo silikubweranso m'mutu mwanga, anzanga. Ndayesa, ndayesa, silikubwera.